Mwana wamng'ono akatsegula m'mimba: chochita kunyumba, ndi nthawi yonyamuka kupita kuchipatala

Mwana wa chaka chimodzi mpaka zaka 3 akachita chimbudzi chamadzimadzi katatu kapena kuposerapo pa maola 24, ndiye kuti watsegula m'mimba. Kawirikawiri choyambitsa chimakhala vairasi, makamaka rotavirus ndi norovirus, ndipo nthendayo imatha yokha pakadutsa masiku 5 mpaka 7. Kusanza, ngati kulipo, n'kumene kumayambirira, ndipo kumasiya pakatha tsiku limodzi kapena awiri. Mankhwala opha mavairasi amenewa kulibe. Chimene chimaika moyo wa mwana pachiswe ndi madzi ndi mchere zimene zikutuluka m'thupi mwake nthawi iliyonse akachita chimbudzi. Mwana wolemera makilogalamu 10 akataya theka la lita osabwezeredwa, zizindikiro zimayamba kuonekera. Akataya lita yathunthu, wafika pofunika dripi mwamsangamsanga.

Ndiye musatangwanike ndi kusakasaka choumitsa m'mimba. Chimbudzi chidzasiya nthawi yake ikakwana. Ntchito yanu ndi kuonetsetsa kuti madzi olowa asachepe poyerekeza ndi otuluka, kwinaku mwana akudya ndi kumwa mapiritsi a zinki.

Yambani ndi kumuona mwanayo

Musanatsegule paketi ya ORS, ufa wa shuga ndi mchere wosungunula m'madzi kuti ubweze madzi otayika m'thupi, dziwani kaye ngati mwanayu ndi wosamalira kunyumba kapena wonyamula. Kumuona kumatenga mphindi 2 zokha, koma muzibwereza kangapo pa tsiku, chifukwa mwana amene m'mawa amasewera akhoza kukhala atafookeratu pofika madzulo.

Onani mmene akuchitira. Amene ali maso, akukuzindikirani, akalira mukamunyamula n'kutonthola, ali bwino ndithu. Amene akungovuta, osakhazikika, osatonthozeka, madzi ayamba kumuthera. Amene wangoti lefu, akungogona, mukamudzutsa sakukuyang'anani bwinobwino, ali pangozi. Apa m'pamene makolo ambiri amapusitsika, amaona ngati mwana wapezako bwino poti wasiya kulira.

Kenaka m'patseni chakumwa pa kapu. Akamwa monga mwa masiku onse, kapena kukana chifukwa alibe ludzu, palibe chodetsa nkhawa. Akachita kukulandani kapu, kumwa mwaphuma, n'kulira mukamuchotsera, madzi achepa. Akalephera kumeza kapena kungonyambita mofooka, zafika poipa.

Yang'anani maso ngati alowa mkati. Inu amene mumakhala naye tsiku ndi tsiku mungadziwe izi kuposa dokotala, chifukwa ana ena maso awo ndi olowa chibadwire.

Tsopano m'gonekeni chagada, mutsine khungu la pamimba, pakatikati pa mchombo ndi m'mbali mwa mimba. Gwirani ndi chala chachikulu ndi chamkombaphala, osati ndi zikhadabo, mulikweze pamodzi ndi mafuta a pansi pake kwa sekondi imodzi, n'kulisiya. Likabwerera nthawi yomweyo zili bwino. Likachedwerapo pang'ono, madzi achepa. Likaima kupitirira masekondi 2, achepa kwambiri. Mayesowa amanamiza pa ana amitundu iwiri: kwa wonenepa kwambiri khungu limabwerera msanga ngakhale madzi atatha, pamene kwa wonyentchera limachedwa ngakhale madzi alimo okwanira.

Mkodzo ndiwo umanena zoona kuposa zonsezi. Thewera likakhala losanyowa ndi mkodzo kwa maola 6 mpaka 8, kapena mkodzo ukakhala wochepa ndi wachikasu kwambiri, impso zayamba kuumira madzi. Chimbudzi chamadzi chimasokoneza kuona mkodzo mu thewera, choncho ikani kathonje chakutsogolo kuti muzionerapo. Kulira kopanda misozi, lilime louma, ndi liwombo lolowa kwa mwana amene silinatsekeke, zonsezi zimaloza komweko.

Ngati simunapeze chizindikiro chilichonse, musamalireni kunyumba monga tafotokozera m'munsimu. Ngati mwapeza ziwiri kapena kuposerapo mwa izi, kuvuta kosatonthozeka, maso olowa, ludzu lalikulu, khungu lochedwa kubwerera, yambani ORS pompopompo ndipo mupite naye kuchipatala lero lomwe.

Pali zina zimene sizilira kudikira, kaya ndi usiku. Nyamukani ngati mwana wafooka moti sakudzuka bwino, sakutha kumwa kapena kuyamwa, akusanza chilichonse chimene mwamupatsa, akukomoka kapena kuuma thupi n'kumagwedezeka manja ndi miyendo, manja ndi mapazi azizira, kapena akupuma mofulumira ndi mozama. Chimodzimodzi mukaona magazi m'chimbudzi, chifukwa kamwazi amafuna maantibayotiki. Chimbudzi chochuluka chotuwa ngati madzi otsukira mpunga chikhoza kukhala kolera, imene imamaliza madzi a mwana pa maola ochepa. Masanzi obiriwira, mimba yotupa yolimba, kapena kulira kwa apo ndi apo mwana akupinda miyendo kufikitsa pamimba, zikhoza kusonyeza kuti matumbo atsekeka, ndipo imeneyo ndi nkhani ya madokotala a opaleshoni. Mwana wonyentchera, wotupa mapazi onse awiri, kapena wa matenda a mgonagona ofooketsa chitetezo cha m'thupi, asasamaliridwe kunyumba ngakhale akuoneka ngati ali bwino. Wonyentchera kwambiri amapatsidwa madzi amtundu wina okhala ndi mchere wa sodium wochepa, poti ORS wamba akhoza kumulemetsa mtima.

Kusungunula ORS

ORS ndi ufa wa shuga wa glucose ndi mchere wamitundu ingapo, zoyezedwa mosamala. Pa muyezo umene WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, ndi UNICEF, bungwe loona za ana, akhala akulimbikitsa kuyambira 2002, paketi ya lita imodzi imakhala ndi magalamu 13.5 a glucose, 2.6 a mchere wamba, 1.5 a potassium chloride ndi 2.9 a trisodium citrate. Manambalawa ali ndi chifukwa chake. M'matumbo aang'ono muli njira imene imalowetsa sodium m'thupi pokhapokha atabwera limodzi ndi glucose, ndipo ziwirizi zikalowa madzi amazitsatira. Njirayi imagwirabe ntchito ngakhale matumbo atadwala. Mu 1971, dokotala wa ana wa ku India, Dilip Mahalanabis, madzi a dripi atamuthera m'misasa ya anthu othawa nkhondo ya ku Bangladesh, anayamba kumwetsa odwala kolera madzi a mchere ndi shuga, ndipo imfa zinatsika kuchoka pa anthu pafupifupi 30 mwa 100 alionse kufika pa 4.

Muyezo ukasokonekera, phindu lonse limasanduka ngozi. Shuga akachuluka amakokera madzi m'matumbo, kutsegula kumakula. Mchere ukachuluka, monga zimachitikira munthu akathira paketi ya lita m'kapu imodzi ya madzi, sodium amakwera m'magazi ndipo mwana akhoza kukomoka, ubongo n'kuwonongeka. N'chifukwa chake kusungunula si ntchito yochita mongoganizira.

Sambani m'manja ndi sopo. Werengani paketiyo, chifukwa si onse a lita imodzi: alipo a 500 ml, ena a 200 ml. Madzi akhale owiritsa mpaka kubwata kwa mphindi imodzi yathunthu n'kuziziritsidwa, kapena othira klorini, kapena a m'botolo lotsekedwa kufakitale. Yezani ndi botolo kapena jagi yolembedwa muyezo wake. Thirani ufa wonse wa m'paketi, mutakase mpaka usungunuke. Musagawe paketi pakati kuti wina musunge, chifukwa ndi maso simungagawe mofanana. Musawonjezeremo shuga, juwisi kapena mkaka pofuna kukometsa, ndipo mukasungunula musawiritsenso. Vundikirani, mulembe pa botolo nthawi imene mwapangira, ndipo pakatha maola 24 tayani wotsalayo mupange wina. Paketi imene ufa wake waundana kapena wasanduka wabulawuni yalowa chinyezi, isiyeni.

Kumwetsa

Mwana wosakwana zaka 2 amwe 50 mpaka 100 ml nthawi iliyonse akachita chimbudzi chamadzi, kumene ndi kota mpaka theka la kapu ya 200 ml. Wa zaka 2 kapena kuposerapo amwe 100 mpaka 200 ml, theka mpaka kapu yodzadza. Akafuna wina m'patseni, ndipo pitirizani choncho mpaka kutsegula kutasiya.

Kamwetsedwe kake ndi kamene kamavuta. M'khazikeni pamiyendo panu, mutu uli chiimire, muzimupatsa supuni yaing'ono imodzi, ya 5 ml, pa mphindi imodzi kapena ziwiri zilizonse. Sirinji yopanda singano imathandiza kwambiri. Lozetsani chakutsaya, osati kukhosi. Kasupuni kamaoneka ngati kachabe, koma kamodzi pa mphindi iliyonse ndi 300 ml pa ola, ndipo m'mimba mwa mwana wodwala mumalandira timadzi tochepa tobwera pafupipafupi pamene kapu yathunthu yomwedwa kamodzi imabwerera. Wamkulupo akhoza kumwa yekha pa kapu, pang'onopang'ono. Botolo loyamwitsira lisiyeni, ndi lovuta kutsuka ndipo mwana amamwa mogugudiza.

Akasanza, musataye mtima ndipo musasiye. Dikirani mphindi 10, muyambirenso mochedwerapo, supuni imodzi pa mphindi 2 kapena 3. Masanzi amaoneka ambiri akamwazika pansi, komabe nthawi zambiri gawo lalikulu la zimene anamwa limakhala litatsalira m'thupi. Ngati mwayesa kwa ola limodzi kapena awiri ndipo chilichonse chikubwerera, basi, kunyumba kwakanika.

Akamakana, yesani kuziziritsako ORS, chifukwa wozizira mchere wake sumveka kwambiri. M'patseni kapu imene amaikonda, kapena kapaipi komwera, kapena agwire yekha supuni. Musamutseke mphuno, musamumwetse atagona, musamuthire m'kamwa akulira; madzi akalowera m'mapapo mwawonjezera chibayo pa nthenda imene inalipo kale. Dziwaninso kuti mwana amene madzi sanamuthere nthawi zambiri amakana ORS poti alibe ludzu. Ngati akuyamwa, akumwa zina, akukodza bwino ndipo akusewera, kukana kwakeko si vuto.

Pali chinthu chimodzi chimene chimasiyitsa makolo ORS tsiku loyamba lomwe: amaona mwana akuchitabe chimbudzi n'kunena kuti mankhwalawa sakugwira. ORS saumitsa m'mimba, ndipo sanapangidwire zimenezo. Ena amaona mwana akangomwa n'kuchita chimbudzi, ndiye amaganiza kuti madziwo akungodutsa, n'kuyamba kumumana. Chimene chimachitika n'chakuti chinthu chikalowa m'mimba matumbo a m'munsi amayamba kuyenda, n'kutulutsa zimene zinali kale m'njira. Kumana mwana madzi sikuchepetsa chimbudzi, matumbo amapitiriza kutulutsa madzi ochokera m'magazi. Muziyeza ntchito yanu ndi mkodzo, maso ndi mphamvu za mwana.

Zikope zikatupa, ORS wachuluka. Imani kaye, muzimupatsa bere kapena madzi wamba, mudzayambirenso kutupako kukatha. Usiku m'patseni akachita chimbudzi monga masana, ndipo muzimuona kangapo kuti mutsimikize kuti akugona tulo, sikuti wafooka.

ORS akasowa

Mu lita imodzi ya madzi abwino thirani masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere. Masupuniwo asakhale osefukira, muwasalaze ndi msana wa mpeni. Cholakwika chofala ndi kugwiritsa ntchito supuni yaikulu yodyera, imene imalowa katatu kuposa yaing'ono. Lawani musanamupatse: mchere wake usapose wa misozi. Ukaposa, tayani muyambirenso. Madziwa alibe potassium kapena citrate, choncho ndi ongogwirizira pamene wina wapita kukasaka mapaketi.

Mkaka wa m'mawere, madzi ophikira mpunga othira kamchere pang'ono, msuzi wosachuluka mchere, yogati wosatsekemera wosungunula ndi madzi, zonsezi n'zabwino kuwonjezera. Madzi wamba amwe ndithu, koma paokha sakwanira, chifukwa sabweza mchere, ndipo mwana wotsegula kwambiri akamangomwa madzi okhaokha sodium amatsika m'magazi.

Zakumwa za gasi, juwisi, tiyi wotsekemera kwambiri, khofi ndi zakumwa zopatsa mphamvu musamupatse. Zakumwa zambiri za gasi zimakhala ndi shuga wokwana magalamu 100 pa lita, kuyerekeza ndi 13.5 wa mu ORS, ndipo sodium mulibe kwenikweni. Kuchotsa gasi pogwedeza botolo sikusintha kanthu, shuga amakhala ali momwemo.

Zinki

Kuyambira 2004, WHO ndi UNICEF amalangiza kuti ORS aziyendera limodzi ndi zinki. Zinki amafupikitsa masiku a nthenda, amachepetsa kuchuluka kwa chimbudzi, ndipo amateteza mwana kuti asatsegulenso msanga m'miyezi 2 kapena 3 yotsatira. Muyezo wodziwika kwa mwana wopitirira miyezi 6 ndi piritsi limodzi la 20 mg tsiku lililonse kwa masiku 10 mpaka 14. Achipatala ena tsopano amapereka wocheperapo, poti kafukufuku anapeza kuti 5 mg kapena 10 mg amagwira ntchito mofanana koma osasanzitsa kwambiri. Tsatirani muyezo umene akuuzani.

Ikani piritsi pa supuni, mudonthezerepo timadzi, ORS kapena mkaka wa m'mawere. Limasungunuka lokha pasanathe mphindi. M'patseni atadya kanthu, chifukwa m'mimba mopanda kanthu zinki amachititsa nseru. Akasanza pasanathe mphindi 30, dikirani m'mimba mukhazikike n'kumupatsa lina. Mwana akayamba kupeza bwino, mapiritsi otsala amaiwalika pawindo. Malizani masiku onse.

Asagone ndi njala

Maganizo oti matumbo apumule ndi akale ndipo amavulaza ana. Khungu la mkati mwa matumbo limadzikonza ndi chakudya chimene chikudutsamo, ndipo ngakhale mwana akutsegula, gawo lalikulu la zimene wadya limalowabe m'thupi. Mwana womanidwa chakudya amatsika sikelo, amachedwa kuchira, ndipo akayamba kunyentchera amatsegulanso mosavuta.

Ngati akuyamwa, muyamwitseni pafupipafupi ndi motalikirapo kuposa masiku onse. Ngati amamwa mkaka wa ng'ombe kapena wa m'chitini, pitirizani osausungunula mopitirira muyezo. Chakudya chikhale chimene anachizolowera, chophikidwa kumene, chofewa kapena chopotedwa: phala lolimbirako, mpunga, mbatata, pamodzi ndi dzira, nsomba, nyama kapena nyemba zopsa bwino. Thiranimo supuni yaing'ono imodzi kapena ziwiri za mafuta ophikira kuti kachakudya kochepa kakhale ndi mphamvu. Nthochi yakupsa imabweza potassium. Phala lamadzimadzi limadzadza mimba popanda chimene lapereka, ndipo maswiti ndi zotsekemera zina zimakulitsa kutsegula.

Chilakolako chimakhala chochepa, ndiye m'patseni pang'onopang'ono kasanu ndi kamodzi pa tsiku, maola 3 kapena 4 alionse, momunyengerera osati momukakamiza. Ngati akusanza, yambani ndi ORS ndi bere kwa maola ochepa, osapitirira 4, kenaka chakudya chibwerere. Kutsegula kukasiya, muwonjezereni chakudya kamodzi pa tsiku kwa masabata 2 kuti abweze thupi.

Mankhwala oti muwatalikire

Loperamide ndi mankhwala ena oumitsa m'mimba si a ana aang'ono. Amaimitsa matumbo, madzi n'kumangodzadzana mkatimo osaoneka, mimba imatupa, mwana amawodzera n'kusiya kumwa, pamene inu mukuganiza kuti wachira. Mankhwala oletsa kusanza monga promethazine ndi metoclopramide nawonso amagonetsa mwana amene amafunika akhale maso kuti amwe. Ngati kusanza kwafika pofuna mankhwala, asankhe ndi dokotala.

Maantibayotiki sapha vairasi. Amafunika pa kamwazi, pa kolera ndi pa matenda ena amene achipatala apeza. Otsala m'nyumba kapena ogula mongoganizira amapha mabakiteriya abwino a m'matumbo, ndipo iwo eni ndi amodzi mwa zinthu zotsegulitsa m'mimba. Ngati mwana wayamba kutsegula ali pakati pa maantibayotiki amene anapatsidwa chifukwa cha nthenda ina, musamusiyitse panokha. M'patseni ORS ndipo mukafunse amene anamulembera. Zitsamba zosadziwika muyezo wake ndi zopopera kumatako zikhoza kuwononga impso ndi matumbo a mwana amene madzi amuchepera kale.

Thupi likatentha, paracetamol ndi amene ali woyenera: 10 mpaka 15 mg pa kilogalamu iliyonse, maola 6 alionse, osapitirira kanayi pa maola 24. Kwa mwana wa makilogalamu 10 ndi 5 ml ya paracetamol wamadzi wa 120 mg pa 5 ml. Onani mphamvu yake pa botolo, chifukwa alipo wamphamvu kuposa ameneyu. Ibuprofen m'pewereni pamene madzi ndi ochepa m'thupi, amapweteka impso. Aspirin ayi. Koma kutentha thupi kusangozimitsidwa ndi mankhwala n'kuiwalika. Malungo, chibayo, chikuku, matenda a m'khutu ndi a njira ya mkodzo, onsewa amatha kubwera ndi kutsegula m'mimba, ndipo kumene kuli malungo mwana wotentha thupi ayezedwe magazi tsiku lomwelo.

Za mano nazo zimachedwetsa ana ambiri kulandira chithandizo. Kumera mano kumachulutsa dovu ndi kuyabwitsa nkhama, sikutulutsa chimbudzi chamadzi kasanu pa tsiku. Zimangokumana chifukwa pa msinkhu umenewu mwana amaika m'kamwa chilichonse chimene watola. Kaya dzino likumera kaya ayi, madzi otayika ndi omwewo.

Matako a mwana ndi manja a m'nyumba

Chimbudzi chamadzi chimasupula khungu pa tsiku limodzi. Sinthani thewera akangochita, mutsukeni ndi madzi ofunda m'malo mopukuta ndi timapepala tonyowa tonunkhira, muumitse modinda ndi nsalu yofewa osati mokhula. Pakani mafuta okhuthala monga petroleum jelly kapena kirimu wa zinc oxide, ochuluka ndithu, ndipo posintha thewera lina musachite kupala onse. M'siyeni kanthawi wopanda thewera kuti papite mphepo. Pakafiira kwambiri mpaka m'mapindi a khungu, ndi timadontho tofiira m'mbali, mwina ndi mafangasi ndipo pafunika kirimu wina wakuchipatala.

Chimbudzi cha mwana chili ndi tizilombo tochuluka, ngakhale ambiri amachiona ngati chosaopsa. Kachitayeni m'chimbudzi, thewera lotaya mulimange m'pulasitiki, lochapa muliviike padera. Sambani m'manja ndi sopo ndi madzi oyenda kwa masekondi 20 mukamusintha, musanakonze chakudya ndi musanamudyetse, ndipo manja ake nawonso muwasambitse. Mankhwala opaka m'manja a spiriti sagwira bwino norovirus, sopo ndiye wodalirika. Poti wochitiramo chimbudzi, pansi pamene wasanzira ndi zidole zimene amaluma zitsukidwe ndi madzi a klorini. Thaulo, kapu ndi supuni zikhale zakezake, ndipo asapite kosewera ndi ana ambiri mpaka patadutsa maola 48 chichitireni chimbudzi chamadzi chomaliza.

Mukamapita kuchipatala, ndi masiku otsatira

Kupatula zizindikiro zangozi zija, pitani ngati patha masiku 3 osasintha, ngati chimbudzi chikuchulukirachulukira, kapena ngati akudya ndi kumwa mochepera tsiku ndi tsiku. Tengani botolo la ORS ndi supuni, muzimumwetsa m'njira ndi pamzere podikira, pokhapokha ngati wafooka moti sangameze. Konzekani kunena tsiku limene anayamba, kangati pa tsiku, wasanza kangati, anakodza liti komaliza, ndi mankhwala onse amene wamwa, ngakhale amene mukuchita nawo manyazi. Ngati munaona magazi, jambulani thewera pa foni kapena mulitenge.

Musadabwe akakupatsani kapu ndi supuni m'malo mwa dripi. Mwana amene madzi achepa koma akutha kumwa amapatsidwa ORS wokwana 75 ml pa kilogalamu iliyonse m'maola 4, kutanthauza 750 ml kwa wa makilogalamu 10, kenaka amamuonanso. Njirayi imagwira ntchito mofanana ndi dripi kwa ana otere, popanda kubaya. Dripi ndi ya amene madzi atheratu kapena amene sakutha kumwa.

Akachira, chimbudzi chikhoza kukhalabe chofewa kwa sabata imodzi kapena kuposerapo matumbo akudzikonza. Ana ena amavutika kugaya shuga wa mu mkaka wa ng'ombe kwa kanthawi: akangomwa mkaka mimba imalira, mpweya umachuluka, chimbudzi chimatuluka cha thovu ndi chowawasa. Zikatero chepetsani mkakawo kwa masiku angapo, muusakanize m'chakudya kapena mum'patse yogati, koma bere lisasiyidwe. Kutsegula kukafika masiku 14, ngakhale mwana akuoneka wamphamvu, akayezedwe, chifukwa pamenepo pamakhala tizilombo tina monga Giardia, kapena kunyentchera kwayambika.

Palinso ana amene amachita chimbudzi chofewa kangapo masana okhaokha kwa miyezi, muli tizidutswa ta chakudya chosagayika, koma akukula bwino, akusewera, sikelo ikukwera. Nthawi zambiri gwero lake ndi juwisi ndi zakumwa zotsekemera zochuluka, pamodzi ndi chakudya chochepa mafuta. Achipatala akatsimikiza kuti palibe nthenda ina, kuchotsa juwisi kumasintha zinthu m'masabata ochepa.

Katemera wa rotavirus, amene WHO inalangiza mu 2009 kuti aziperekedwa m'maiko onse, ndi wodontheza m'kamwa ndipo amaperekedwa mwana ali wakhanda, choncho ngati m'nyumba muli wamng'ono wina onani khadi lake. Sungani mapaketi 2 a ORS ndi mapiritsi a zinki a masiku 14 pamalo ouma, osafikira ana, ndipo muziona tsiku lotha mphamvu lolembedwa pa paketi.